Ndinapita Kukaba Magazi Anga Omwe

Nkhani imene ndikukuuzaniyi ndi yoona. Sindinaimve kwa munthu kapena kuiwerenga pa foni ayi, inandichitikira ine mwini wakene ku Cape Town, ndipo anthu amene anaiona ndi maso adakali moyo, kungoti sinditchula dzina la wina aliyense. Ndakhala zaka zingapo osaikamba, osati chifukwa cha mantha, mantha anatha kale, koma chifukwa cha manyazi, poti ukamaifotokoza umaoneka ngati munthu wopanda mutu.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinatsatira amuna anga atakhala kale zaka ziwiri ku Cape Town akugwira ntchito yaulonda m'tauni, ndipo tinkachita lendi shaki, kanyumba ka malata ka chipinda chimodzi, ku Dunoon, pamalo pomwe ukatsokomola aneba amakuuza kuti pepani ali m'nyumba mwawo. Mwana wathu woyamba tinamusiya kumudzi ndi amayi anga. Ntchito yanga inali yokolopa. Kampani yomwe inandilemba inkatumiza anthu m'maofesi osiyanasiyana, ndipo ine inandiika pa nyumba ina yosanja momwe anthu ophunzira ankachitiramo kafukufuku wa matenda a mtima. Malowo ankawatchula kuti labu. Malamulo ake anali ochepa koma okhwima, kuti chilichonse chili patebulo osachikhudza, mabini ofiira si anga, magolovesi osavula. Lachisanu lililonse ndinkakolopanso kachipinda kena kozizira ngati filiji, komwe ankasungiramo mabotolo awo, ndipo ndinkakolopa mothamanga chifukwa mphindi zochepa chabe zala zinkauma.

Chaka chimene izi zinachitika ndinabereka mwana wachiwiri, wamkazi, mwezi wa Juni. Patatha miyezi itatu ndinabwerera kuntchito, ndipo m'pamene ndinayamba kumva kuti thupi si langa. Masitepe omwe kale ndinkakwera nditanyamula ndowa ziwiri, tsopano ndinkapumira pakati. Mapazi anatupa mpaka nsapato zanga zonse zinakana, ndinayamba kuvala mapatapata a amuna anga. Kugona chagada sindinkatha, ndinkamva ngati wina wandikhalira pachifuwa, choncho ndinkatsamira khoma. Kodi ndinapita kuchipatala? Ayi. Ndinkati ndi uchembere, kuphatikiza mphepo ya kuno yomwe imalowa m'mafupa, ndipo azimayi onse amene ndinawauza anati zimatha zokha.

M'labumo munali mtsikana wina wachixhosa, wowonda, wa magalasi, amene ankandiitana kuti sisi. Ine ndinkamuti adokotala ngakhale iye ankaseka kuti si dokotala wochiza anthu, adakali pa maphunziro. Tsiku lina anatiitana ife okolopa, alonda ndi anthu ena a m'maofesi, n'kunena kuti akufuna anthu odzipereka kuti atengedwe magazi pang'ono. Anafotokoza nthawi yaitali ndithu, koma Chingelezi changa nthawi imeneyo chinali cha pa ntchito basi, cha kolopa apa, tseka apo. Mawu amene ndinawagwira ndi atatu, magazi, mtima, ndi zinki. Zinki ine ndinkaidziwa ngati malata omangira shaki, poti kuno malata amawatchula choncho, ndiye ndinadabwa kuti malata akukhudzana bwanji ndi mtima wa munthu, koma sindinafunse. Anzanga onse anasaina pepala, nanenso ndinasaina osawerenga. Kunabwera namwino, anatibaya pamkono, anadzaza timabotolo tiwiri aliyense, kenako anatipatsa juwisi ndi bisiketi. Ndinadya ndithu, ndinali ndi njala.

Panapita masabata awiri. Lachinayi lina m'mawa, cha m'ma teni koloko, ndinalowa m'chipinda china kukachotsa zinyalala. Chipinda chimenechi chinalibe zenera ndipo nthawi zambiri chinkakhala chotseka, koma tsikulo chitseko chinali chotsegula pang'ono, mkati mulibe munthu, magetsi ozimitsa. Nditalowa ndinaona kuwala kobiriwira. Poyamba ndinayesa ndi kompyuta wamba yomwe wina waiwala kuzimitsa, koma nditayandikira ndinaona kuti pa sikilinipo pali zinthu zonga timinofu, zowala ngati ziphaniphani zitaunjikana pamodzi, ndipo zinkagunda. Zinkafinyika n'kumasuka, kufinyika n'kumasuka, zonse pamodzi, popanda wozigwira. Pambali pake panali makina aja oonera tinthu ting'onoting'ono, ndi kambale kagalasi katayikidwa pansi pake. Chapatali pang'ono, pansi pa nyale yofiirira, panali mzere wa timabotolo, tonse tikuwala mobiriwira, tina kwambiri, tina pang'ono, ndipo kamodzi chakumapeto kankangonyezimira mozilala ngati khala loti latsala pang'ono kuzima.

Ndinaima pomwepo ndi thumba la zinyalala m'manja. Ndinaika dzanja pachifuwa, ndipo mukhulupirire kapena ayi, ndinamva ngati zinthu zijazo zikugunda limodzi ndi mtima wanga. Lero ndikudziwa kuti munthu wamantha amamva chimene akuopa, koma tsikulo ndinali wotsimikiza.

Nditatuluka ndinakumana ndi mnzanga wokolopa, mayi wachikulire wachixhosa amene anakhala pamalopo zaka zambiri, ndipo ndinamufunsa kuti chogunda m'chipindamo n'chiyani. Anayankha osasiya n'komwe kukolopa kuti ndi mtima. Ndinafunsa kuti mtima wa ndani, iye anangokweza mapewa n'kunena kuti zimenezo ndi za anthu ophunzira, ife zathu ndi ndowa.

Ndisanapite patali, mtsikana wa magalasi uja anandipeza pa masitepe ndikupumira. Anati wakhala akundifunafuna. Anandikhazika pansi, anayang'ana mapazi anga, anadina ndi chala pa akakolo, ndipo chala chitachoka panatsala dzenje. Nkhope yake inasintha. Analankhula mofulumira, ine n'kumangotola mawu apa ndi apo, kuti magazi anu, kuti sanawale ngati a anzanu, kuti mtima wanu, kuti si bwino. Analemba kapepala n'kundipatsa, akubwerezabwereza kuti lero lomwe, lero lomwe. Ndinavomera ndi mutu, ndinapinda kapepalako, ndipo nditafika pa siteji ya takisi ndinakataya mu bini osakaonetsa aliyense. M'mutu mwanga nkhani inali itatha kale kulumikizana. Kabotolo kozilala kaja n'kanga, chogunda chija ndi mtima wanga, ndipo mwini wake wa ntchitoyo wabwera kudzaona ngati zikuyenda.

Muyenera kudziwa kuti chimenechi chinali chaka chomwe kumudzi kunavuta nkhani ya anamapopa. Foni iliyonse ya Mmalawi ku Dunoon inali yodzaza ndi mauthenga, wina akuti apopa mayi wina ku Mulanje, wina akuti agwira galimoto ya anthu achilendo ku Phalombe, ndipo tikakumana potunga madzi nkhani inali yomweyo. Ine poyamba ndinkaziseka. Koma ukaona ndi maso ako magazi akuwala mumdima, kuseka kumatha.

Madzulo ake ndinafotokozera mayi amene ankandisungira mwana ndikapita kuntchito. Anali wa ku Mulanje, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi, mtsogoleri wa gulu lathu la mapemphero a amayi, munthu wabwino ndithu amene anandisambitsa nditangobereka pomwe ndinalibe mbale aliyense kuno. Ndikunena zimenezi kuti musamuyese mfiti kapena wabodza, iye ankakhulupirira zonse zimene ananena. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati anandipatsa chakudya atanditenga magazi. Nditatchula juwisi ndi bisiketi anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti basi, pangano linatha pamenepo. Ndinamukumbutsa kuti kutupa kunayamba asananditenge magazi, koma iye anati anthu amenewa amayamba kukusankha kaye patali, magazi amangodzatsirizira.

"Achemwali, magazi anuwo akakhala m'manja mwawo, kabotolo kaja kakadzazima inunso mwazima," anatero. "Mukawatenge. Mubwere nawo kuno tiwapempherere, tikawathire pansi."

Ndinamufunsa kuti nanga akandigwira. Anati kugwidwa ndi kufa chabwino n'chiti?

Amuna anga ndinangowauza theka la nkhaniyi, kuti kuntchito kukuchitika zinthu zosaoneka bwino. Iwo anati ngati ndi choncho ndisiye ntchitoyo, ndipo Lolemba adzapempha tchuthi andiperekeze ku kiliniki chifukwa chifuwa changa sichinkawasangalatsa. Za kukatenga magazi sindinawauze, ndinkadziwa kuti andiletsa. Lachisanu sindinapite kuntchito, ndinatumiza uthenga kuti mwana wadwala. Foni yanga inalira kanayi tsikulo, nambala yosadziwika, ndipo mayi wa ku Mulanje uja anati ndisayankhe, ndi iwowo.

Loweruka m'mawa ndinauza amuna anga kuti atiitana kukapukuta pansi ndi polishi, zomwe zinkachitikadi mwa apo ndi apo. Ndinasiya mwana, ndinavala yunifolomu, pamwamba pake chitenje, n'kukwera takisi. Kuchokera pomwe takisi inanditsitsa kukafika pa geti ndi mtunda woti kale ndinkayenda mphindi zisanu, koma tsikulo ndinapumira kanayi, nditagwira mipanda ya anthu. Mlonda wa pa geti ankandidziwa, anangolemba dzina langa m'buku n'kundifunsa ngati ndili bwino, ine ndinati ndi chimfine. Khadi langa la kuntchito linatsegula zitseko zolowera monga mwa masiku onse. Chikwama ndi foni ndinazisiya pansi mu lokala, kakabati kathu kosungiramo katundu, mwa chizolowezi basi, osaganiza n'komwe.

M'labu munali zii, kumangomveka kulira kwa mafiliji. Chipinda chamdima chija chinali chokiya. Ndiye ndinaganiza kuti magazi sangakhale kwina koma m'kachipinda kozizira kaja, poti ndinkaonamo timabotolo tambiri ta zinthu zofiira. Ndinayatsa getsi, ndinakoka chitseko, n'kulowa. Chitseko chimenechi n'cholemera ndipo chimabwerera chokha, choncho ndikamakolopa ndinkachitchinga ndi ndowa. Tsikulo ndinalibe ndowa. Ndinamva chikutsekeka kumbuyo kwanga koma sindinadandaule, chifukwa mkati muli chogwirira chozungulira chomwe umangochikankha mwamphamvu chitseko n'kutseguka, ndipo ndinali nditachikankhapo kambirimbiri.

Vuto loyamba linali loti pa timabotolopo panalibe mayina. Ine ndinkayembekezera kupeza dzina langa litalembedwa bwinobwino, koma ponse panali manambala ndi zilembo zosamveka, mashelefu anayi, kuyambira pansi mpaka m'mwamba. Ndinatenga kena n'kukayang'ana pa getsi, kenanso, kenanso. Kodi magazi ako umawazindikira bwanji pakati pa a anthu ena? Ndinayesa kupemphera kuti dzanja langa lipite lokha pomwe pali anga, kenako ndinangotola titatu tomwe tinkaoneka tofiira kwambiri, n'kutimanga pa mfundo ya chitenje.

Nditatembenuka kuti ndizituluka, ndinakankha chogwirira chija, koma sichinasunthe. Ndinakankhanso ndi manja awiri, chinalowa pang'ono n'kubwerera. Sichinali chokiya, ndipo palibe amene ananditsekera, zimenezi ndinazitsimikiza pambuyo pake. Mphamvu ndi zomwe zinandithera. Ndinayesa ndi phewa, ndipo apo mpweya unandithawa, ndinayamba kutsokomola kosalekeza mpaka ndinagwada. Chimene chinatuluka mkamwa chinali thovu, lofiirira pang'ono. Ndinachiyang'ana pa chikhatho changa nthawi yaitali.

Ndinamenya chitseko, koma n'chokhuthala ngati matiresi, ndipo pansanjika yonseyo panalibe munthu. Kukuwa sindinathe, mawu ankatuluka ngati a munthu wonong'ona. Pamwamba panga chopemerera mphepo chinkangozungulira, kundithira kuzizira m'khosi. Ndinakhala pa kabokosi ka pulasitiki n'kutsamira shelefu, chifukwa ndikangowerama pang'ono ndinkamva ngati ndikumira m'madzi. Mapazi aja otupa, m'mapatapata, anayamba kuwawa kenako anasiya kumva chilichonse. Nthawi yoyamwitsa inali itakwana, mkaka unayamba kutuluka wokha n'kunyowetsa yunifolomu, ndipo posakhalitsa unazizira pachifuwa ngati ndaikapo chitsulo.

Anthu amandifunsa ngati ndinalira. Sindinalire. Mantha aakulu anali pa mphindi zoyambirira zija, ndikulimbana ndi chitseko. Pambuyo pake ndinangokhala phee, ndikuganiza zinthu mwadongosolo ngati ndi za munthu wina. Ndinaganiza kuti kani amachita chonchi, amakusiya ubwere wekha ndi miyendo yako. Ndinaganiza kuti andipeza Lolemba, ndipo amuna anga adzayamba kundifunafuna kolakwika chifukwa ndinawanamiza. Ndinaganiza za bokosi langa likuyenda masiku anayi pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, kudutsa maboda onse aja, ndi amayi anga akudikirira pamsewu. Ndinaganizanso kuti mwana sanazolowere botolo, ndiye adzavuta masiku oyambirira. Kenako kuzizira kunasiya kundivutitsa, ndinayamba kumva tulo tokoma, ndipo madokotala anadzandiuza kuti pamenepo m'pamene panali poopsa kwambiri.

Akuti ndinakhalamo pafupifupi ola lathunthu. Chimene ndikukumbuka n'chakuti chitseko chinatseguka, ndipo amene anaima pakhomo anali mtsikana wa magalasi uja, atavala jinzi ndi juzi, m'manja muli kabasiketi. Anakuwa. Ine nditamuona ndinayesa kukwawira kumbuyo, kulowa pansi pa shelefu, ndikuti wabwera kudzamaliza. Tangoganizani, munthu woti akufa, koma akuthawa yekhayo amene watsegula chitseko.

Anandigwira m'khwapa n'kundikokera panja, wowonda uja, sindidziwa mphamvu anazitenga kuti. Sanandigoneke, anandikhazika chotsamira khoma, anandifunditsa juzi lake ndi magauni oyera atatu omwe anawachotsa pa msomali, kwinaku akukuwira mlonda pa foni. Ankanditikita manja akulankhula Chixhosa chokhachokha, Chingelezi chitamuthawa. Potikitapo anakhudza mfundo ya chitenje changa, anaimasula, timabotolo tija tinagwera pa miyendo yanga. Anatiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kutiika pambali. Ambulansi itafika anakwera nane.

Ndinakhala pa chipatala chachikulu cha boma masabata awiri ndi theka, masiku atatu oyambirira ndili ndi chopumira kumaso. Atandiunika anapeza kuti mtima wanga unakula ndi kufooka, sunkatha kupopa magazi mokwanira, choncho madzi anadzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Anati ndi matenda amene amagwira amayi ena m'miyezi yoyambirira akangobereka, ndipo ambiri amachedwa kubwera chifukwa amayesa ndi kutopa kwa uchembere. Anandibaya jakisoni wochotsa madzi. Chinali chaka chomwe mzinda wonse unali pa chilala, paliponse atamata mapepala oti tisamale madzi, koma ine ndinkadzaza mkodzo chikho pambuyo pa chikho, anamwino akuyeza n'kumalemba. Anandiletsa kuyamwitsa. Anandiuzanso, amuna anga ali pomwepo, kuti ndisadzatengenso pakati chifukwa mtima sungapirire. Amuna anga anangoti chabwino, ana awiri ndi ana, koma panjira yopita kuchimbudzi ndinawaona atatsamira khoma ataphimba nkhope ndi chipewa.

Pa tsiku lachisanu mtsikana uja anabwera kudzandiona. Sanabwere yekha, anapempha namwino wina wa ku Zambia wolankhula Chinyanja kuti azimasulira, ndipo aka kanali koyamba kuti ine ndi iye timvane bwinobwino. Ndinamuuza zonse, za kabotolo kozilala, za bisiketi, za anamapopa, ndikuyembekezera kuti aseka kapena akwiya. Sanachite zonse ziwiri. Anangovula magalasi.

Kenako anafotokoza pang'onopang'ono. Anati zinki ili m'thupi mwa munthu aliyense, pang'ono kwambiri, ngati mchere m'ndiwo, timaipeza mu zakudya monga nyama, nyemba ndi mtedza, ndipo mtima umaifuna kuti uzigwira bwino ntchito. Vuto n'loti ndi yochepa zedi moti kuiona n'kovuta. Ndiye iye ndi anzake ankapanga mankhwala omwe akakumana ndi zinki amaigwira n'kuwala mobiriwira akaunikidwa ndi nyale yapadera, kukakhala zinki yambiri kuwala kwambiri, ikachepa kuwala pang'ono. Cholinga chawo chinali choti mwina tsiku lina kuwalako kuzidzathandiza madokotala kuzindikira msanga mtima umene wayamba kudwala.

Ndinamufunsa za chogunda chija, kuti chinali cha ndani.

"Cha khoswe, sisi," anatero kudzera mwa namwino uja. "Timinofu ta mtima wa khoswe wa m'labu. Tikamatisamala timagunda tokha m'mbale. Timafuna kudyetsedwa ngakhale Loweruka, n'chifukwa chake ndinabwera. Chakudya chake chimakhala m'chipinda chozizira chija."

Ndinafunsa kuti nanga m'timabotolo ndinabamo munali magazi a ndani. Apa namwino wa ku Zambia uja analephera kudzigwira, anaseka mpaka anagwira bedi. Munalibe magazi a munthu aliyense. Anali madzi ofiira odyetsera timinofu tija. Magazi anga anali mu filiji ina yoziziritsa kwambiri, pansanjika ina, m'chipinda chomwe khadi langa silikanatsegula n'komwe.

Funso lomaliza linali loti kodi ndiye kuti kuwala kuja n'kumene kunaona matenda anga? Ndinkafuna ayankhe kuti inde, kuti nkhani ikhale yosavuta, koma anakana. Anati n'zoona kuti magazi anga anawala pang'ono poyerekeza ndi a anzanga, koma zimenezo zimachitikanso kwa mayi woyamwitsa kapena munthu wosadya mokwanira, ndipo mankhwala awo anali asanafike poti n'kuuza munthu kuti ukudwala. Chimene chinamuopsa ndi kapumidwe kanga pa masitepe ndi dzenje lija pa akakolo. Kapepala komwe ndinataya kanali kalata yopita kwa dokotala wa mtima, ndipo foni zinayi za Lachisanu zija anaimba ndi iye, atapempha nambala yanga ku kampani. Anapepesa, akuti anaona kuti ndikungovomera ndi mutu ndipo anayenera kufuna munthu womasulira tsiku lomwelo. Ine ndiye ndinasowa poyang'ana.

Ntchito inatha. Dzina langa linali m'buku la mlonda pa tsiku lomwe sindinayenera kukhalapo, ndipo timabotolo tija anthu a ambulansi ndi mlonda anationa. Mtsikana uja analemba kalata yondichonderera koma kampani inati lamulo ndi lamulo. Sindinawadandaule, ndinabadi, ndiponso madokotala anali atandiletsa kale kunyamula ndowa. Panopa ndimaluka tsitsi pakhomo, ntchito yokhala pansi. Mtima unabwererako pang'ono m'chaka choyamba, koma sunafike mwakale, ndipo ndimapita kukaunikidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kafukufuku wawo uja sindidziwa kuti anathera pati, mtsikanayo anamaliza maphunziro n'kusamukira kwina.

Mayi wa ku Mulanje uja anandisamalira mwana masiku onse amene ndinali m'chipatala, anamuphunzitsa botolo, ndipo sanalole kuti timupatse kalikonse. Nditamufotokozera za khoswe ndi zinki anamvetsera mwaulemu, kenako anati anthu amenewa sangavomere, amakhala ndi mayankho okonzeratu, ndipo chinandipulumutsa ndi mapemphero omwe iye ankachita m'mawa umenewo. Sindinatsutsane naye. Mpaka lero amakhulupirira choncho, ndipo timapatsana moni bwinobwino.

Chimene ine ndimakhulupirira ndi ichi. Palibe amene anandipopa magazi, palibe amene anaika mtima wanga m'mbale. Mtima unadwala wokha, ndipo unandichenjeza kwa masabata ambiri ine osamva. Dokotala anandiuza kuti mmene mapapo analili, kaya ndikanalowa mozizira muja kaya ayi, Lolemba lomwe amuna anga ankanena lija mwina sindikanafika. Ndikanakhala kunyumba Loweruka limenelo, ndikanagwera mu shaki, amayi a mapemphero atandizungulira, aliyense akuletsa mnzake kuitana ambulansi poopa kundipereka kwa anamapopa. Kupusa kwanga n'kumene kunanditengera pamalo pomwe panali munthu wodziwa chochita. Ndimati Mulungu anandichitira chifundo pamenepo, koma sindiuza munthu kuti ayese njira yomweyo, chifukwa mtsikana uja akanachedwa kudzuka tsikulo, nkhaniyi bwenzi akukuuzani ndi ena.

Ndiye inu amayi anzanga, makamaka amene muli kunja kuno kopanda amayi anu pafupi, mukabereka n'kuona mapazi akutupa, mpweya ukuchepa, kugona chagada kukukanika, musadikire kuti zitha zokha ndipo musafunse aneba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pepala lomwe simunalimve musasaine, ndipo lomwe akupatsani musataye musanapeze wokuwerengerani. Munthu akamakulankhulani m'chilankhulo chomwe mukungotolamo mawu atatu, musavomere ndi mutu ngati mmene ndinachitira ine. Muuzeni kuti simunamve, abwereze, ngakhale kasanu. Manyazi a kufunsa amatha tsiku lomwelo, koma ine mtima womwe ndinauchedwetsa ndikhala nawo mpaka kufa.